Dzanja la Apongozi pa Tsaya Langa

Ndiyambe ndi kulumbira, chifukwa ndikudziwa kuti mukafika pakati pa nkhaniyi muyamba kugwedeza mutu n'kumati munthu uyu wathira nsinjiro. Sindinathire kanthu. Ndikuvomera kuti anzanga amati ine ndikayamba kufotokoza za mbuzi, imafika kumapeto kwa nkhani ili ng'ombe ya bere, koma pa nkhani iyi yokha ndachita kuchotsako zina kuti ana anga asamadzalozedwe zala mu Lusaka muno. Ndinakhala chaka ndi theka ndili ndi dzanja la munthu pa tsaya langa lamanzere, lakuda bii, zala zake zochita kuwerengeka, ndipo dzanja limenelo linangotsala pang'ono kundilanda mkazi ndi ana. Sinditchula dzina la munthu, chifukwa onse ali moyo kupatula mmodzi, ndipo mmodziyo ndi amene ndinkamuopa kwambiri.

Ine ndine Mchewa wa ku Katete koma ndinakulira ku Kabwata, ndipo ndimagwira ntchito pa kampani ina ya inshuwalansi m'tauni. Mkazi wanga ndi mphunzitsi, Mngoni, kwawo ndi ku Chelstone kumene makolo ake anamanga nyumba. Apongozi anga aamuna anali kalipentala wopuma pa ntchito, ndipo chala chawo chapakati cha kudzanja lamanja chinali chachifupi, makina ochekera matabwa anadya theka lake kalekale. Chalachi muchisunge, tichifuna kutsogoloku. Mdalayo sanandikondepo. Ankati munthu wogulitsa mapepala a tsoka limene silinachitike sali pa ntchito, akungoyenda atavala tayi, ndipo akamatero ankandiloza ndi kachala kodukako, moti mpaka lero ndikaona soseji yodulidwa pakati mtima umandidumpha.

Vuto langa linali nkhope. Chiyambire kumeta ndevu, m'masaya ndi m'khosi munkatuluka tiziphuphu, ndipo kalikonse kakaphwa kankasiya kadontho kakuda, mpaka nkhope yonse inafika pooneka ngati msewu wa ku komboni mvula itatha. Ndinali nditazolowera. Koma chaka chimenecho anandikweza pa ntchito, n'kundiuza kuti pakatha masabata atatu adzandijambula chithunzi chachikulu choti chiime pakhomo pa ofesi, ine ndikumwetulira, kuti anthu azilowa ndi chikhulupiriro. Chikhulupiriro chanji pa nkhope ngati imeneyo? Mnzanga wina wamkazi wa mu ofesi anandinong'oneza kuti ku Woodlands kuli malo amene amapaka mankhwala osupula khungu lapamwamba, lakale n'kuchoka, latsopano n'kutuluka losalala ngati la khanda.

Ndinapita nthawi ya nkhomaliro, nditauza mkazi wanga kuti tili ndi maphunziro a ku ntchito. Inali nyumba ya mpanda wautali, geti lakuda, yopanda chikwangwani. Mtsikana wovala zoyera amene anandilandira ananena zoona, ndisamunamizire: anati khungu lakuda ngati langa limakwiya msanga, choncho ndiyambe ndadzola mafuta ena okonzekeretsa kwa masabata angapo, kenako ayese mankhwalawo pa kamalo kakang'ono kuseri kwa khutu, aone mmene khungu liyankhire. Ine ndinamuuza kuti khungu langa lapirira malezala zaka makumi awiri, ndipo wojambula sadikira za kuseri kwa khutu. Sanayenere kuvomera, koma kumbukirani ntchito yanga. Ine ndinagulitsapo inshuwalansi ya galimoto kwa munthu woyenda pa njinga. Anavomera, ndipo ndinasankha mankhwala amphamvu kuti zithe kamodzi.

Potuluka anandipatsa kabotolo ka mafuta oteteza khungu ku dzuwa ndi pepala la malamulo: osakhala padzuwa, osakanda, osasenda ndi zala, osalola chachilendo chilichonse kukhudza nkhope kwa masabata awiri, ndipo chikachitika chinachake ndibwerere msanga. Pepalalo ndinaliwerengera pa siteji ya minibasi n'kulitaya pomwepo, chifukwa mkazi wanga akamachapa amayamba wawerenga za m'matumba, ndipo mwamuna wa ku Katete angafotokoze bwanji kuti anapita kukakonzetsa nkhope? Kabotolo ndinakatsekera mu dirowa ya ku ofesi. Ndinkati mafuta a dzuwa ndi a azungu. Ine dzuwa ndinabadwa nalo, timadziwana.

Tsiku lachitatu nkhope inayamba kufundula. Sindikunama, m'mawa pa pilo pankatsala munthu wina. Mkazi wanga atafunsa ndinati ndi sopo watsopano, iye n'kutaya sopoyo, amene analibe mlandu. Masana a tsiku lomwelo ndinapita kukaona apongozi kuchipatala, kumene anagonekedwa ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, nditawatengera botolo la mahewu osathira shuga. Anamwa, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, n'kukweza kachala kaja, n'kunena kuti nkhope yanga ikunyezimira ngati ya mayi wopita ku phwando. Ndinaseka monga mkamwini waulemu, koma mumtima ndinati, kodi mdala ameneyu adzapuma liti? Mawa lake m'mawa anamwalira.

Amene simunakhaleko kuno, ndikufotokozereni za chimbuya. Ife a kum'mawa ndi Abemba ndife abale a nthabwala, timatchulana kuti ambuya: iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena kuti amadya anyani, ndipo palibe amene amakwiya. Pa maliro a munthu wa kum'mawa, Abemba amabwera kudzaphika, kudzanyoza malemu, ndi kudzapaka anamfedwa paudala kumaso mpaka onse aoneke ngati agwera m'chigayo. Ukapukuta, amakuwonjezera. Ukakwiya, wanyoza maliro.

Tinaika maliro patapita masiku atatu, mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa la Lusaka limatsika kudzakhala pa benchi limodzi ndi anthu. Nkhope yanga inali itamaliza kufundula, khungu latsopano lili lofiirira ndi lanthete ngati mwana wa mbewa wobadwa kumene. Ndinavala chipewa chachikulu, koma tisanatsike n'komwe mu basi amalume a mkazi wanga anandifunsa ngati ndabwera kudzaika maliro kapena kudzaweta ng'ombe. Ndinavula. Tinaima kumanda kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 14, chifukwa aliyense amene anakonzetsako mpando kwa malemu anafuna kulankhula, ndipo ine monga mkamwini ndinali kutsogolo, fosholo ili m'manja, thukuta likuyenda pa khungu latsopanolo ngati madzi a tsabola.

Ambuya ankatsogoleredwa ndi mayi wina wamkulu thupi, wogulitsa masamba pa msika wa Chelstone, amene akamanong'ona amamveka ku Avondale. Anapaka anthu onse, ine n'kumabisala kumbuyo kwa ena, mpaka anandipeza chakumapeto. Anafunsa kuti wakudya mbewa uyu akuthawa chiyani, ndipo anandidinda dzanja lodzaza zoyera pa tsaya lamanzere, n'kulisiya pomwepo akuimba nyimbo ya ndime zitatu. Abale anga, ndinapsa. Misozi inatuluka yokha, yambiri, ndipo azimayi anayamba kukodolana n'kumati taonani mkamwini mmene ankawakondera apongozi ake. Ndikanapukuta bwanji pamenepo? Ndinaima nazo zoyerazo padzuwa mpaka titabwerera kunyumba ya maliro, kumene ndinasamba kumaso pa beseni la pa geti cha m'ma 16.

Tsayalo linafiira, linatupa, linachita nkhanambo, ndipo ine nkhanambozo ndinkazisenda ndi chikhadabo mu minibasi kuti zichoke wojambula asanabwere. Ku Woodlands sindinabwerere, ndinkaopa kudzudzulidwa ndi mtsikana wa msinkhu wa mlongo wanga wamng'ono. Patapita masabata atatu nkhope yonse inali itada kuposa kale, koma pa tsaya lamanzere panatuluka chinthu chooneka bwinobwino: chikhatho pa nsagwada, chala chachikulu chitaloza pakamwa, zala zinazo zitakwera kulunjika ku diso ndi ku khutu. Anayamba kuchizindikira ndi mkazi wanga, m'mawa wina tikumwa tiyi. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono, n'kuwerenga zalazo ndi maso, milomo ikuyenda. Chapakati chinali chachifupi, cholekeza pa theka.

"Chala cha atate," anatero motsitsa mawu, ngati akuuza tebulo.

Ndinathamangira pa galasi, ndipo ine amene ndimaseka nkhani za mizimu, ndinayamba kupemphera. Ndinkadziwa kuti mayi wa chimbuya anandigwira pamenepo, koma mayiyo ndimamudziwa, ndimagula tomato kwa iye, zala zake zonse n'zathunthu. Nanga chodukachi chachokera kuti? Ndipo ndani wina anamva zimene ndinanena mumtima kuchipatala kuja, kupatula Mulungu ndi munthu amene mwendo wake umodzi unali utaponda kale kutsidya?

Nkhani inafika ku Chelstone ine ndisanamalize kumanga tayi. Pofika Lamlungu abale a mkazi wanga anali atasonkhanitsa umboni, ndipo ndivomere, unali umboni wabwino, ndikanakhala woweruza ndikanadzimanga ndekha. Munthu wakwezedwa pa ntchito mwadzidzidzi. Wafundula ngati njoka. Womaliza kupatsa malemu chakumwa ndi iye. Ndipo msuweni wina wa mkazi wanga, woyendetsa takisi, anandiona ndikulowa m'nyumba ya mpanda wautali ku Woodlands masana, n'kutuluka nkhope ikuwala. Anati ndinapereka apongozi kwa a satana kuti ndipeze udindo, ndipo mdalayo wandidinda chizindikiro kuti dziko lidziwe. Nditanena kuti ndi paudala wa ambuya, amalume a mkazi wanga anayankha pa foni kuti manda onse anapakidwa, nanga bwanji dzanja latsala pa ine ndekha?

Yankho ndinali nalo, linali mu dirowa ya ku ofesi. Mkazi wanga anandikhazika pansi, maso akadali otupa ndi maliro, n'kundifunsa mofatsa kuti ku Woodlands ndinakatani. Pamenepo ndi pamene ndikanapulumuka. Koma ndinaganiza za mmene nkhaniyo ikamvekere ku Katete, ku tchalitchi, kwa alamu anga amene timaonera nawo mpira, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti ku Woodlands sindinapondeko chaka chino. Mawa lake anati akupita ndi ana athu awiri kukakhala ndi amayi ake kwa sabata imodzi, kuti asasungulumwe. Anatenga mayunifomu a ana, mabuku ake a kusukulu, ndi simbi yositira. Munthu wopita sabata imodzi satenga simbi.

Apa ndiye ndinapenga. Ndinaganiza kuti dzanja likachoka mlandu watha, sipadzafunikanso kuulula kanthu. Ndinapaka mandimu mpaka mtengo wa aneba unatsala masamba okhaokha. Ndinapaka soda, mankhwala otsukira mano, phulusa; ndinakhula ndi mwala wotsukira zidendene. Chilichonse chinkawawa, ine n'kumati kuwawako ndiye kugwira ntchito kwake, koma m'mawa uliwonse dzanja linkadzuka lakuda kuposa dzulo. M'tauni mayi wina wa pa msika anandigulitsa mafuta a m'kabotolo kopanda dzina, osakaniza yekha, n'kulumbira kuti amayeretsa ngakhale tayala. Anayeretsadi, koma anayeretsa malo ozungulira, dzanja n'kulisiya, moti tsopano linkaoneka ngati chikwangwani choimitsa magalimoto. Khungu linapyapyala, timitsempha n'kumaoneka, ndipo ndikatuluka panja linkayabwa ngati ndagona pa chitedze.

Ndinayamba kuvala masiki yophimba pakamwa ndi mphuno, nthawi imene Lusaka yense anali ataiwala kale za masiki, koma nsonga za zala zinkasuzumira pamwamba ngati wakuba amene akukwera mpanda. Kondakitala wina pa minibasi ya ku Kabwata anandiyang'ana n'kunena kuti ba bosi, mpando ni wa munthu mmodzi chabe, uyo wamene akugwililani atsike. Basi yonse inaseka, nanenso ndinaseka, n'kutsika siteji yanga isanakwane. Ku ofesi chithunzi anajambula munthu wina, ine n'kundipatsa kachipinda ka mafayilo kumbuyo, ati ndikapumeko.

Ndinapitanso kwa mneneri wina. Anaika dzanja lake pa dzanjalo, n'kulichotsa msanga ngati wagwira mbaula, n'kunena kuti ndi mzimu wa mkulu wokwiya, ndipo ndiyenera kusala kudya masiku atatu pa phiri, wopanda chipewa pamaso pa Mulungu. Ndinatsika phirilo dzanja litakhwima ngati lolembedwa ndi phula. Pa Khirisimasi ndinanyamula nkhuku ndi mpunga kupita ku Chelstone, malaya ali makwinyamakwinya, ndipo mkazi wanga analandirira katunduyo pamwamba pa geti, osatsegula. Ana ndinangowamva mawu m'nyumba. Ndipo ndikuuzeni chimene sindinauzepo munthu: pochoka pamenepo, masana omwewo, ndinapita ndekha kumanda, ndinagwada pa dothi lotentha, ndinawapepesa apongozi mokweza mawu. Ndinawauza kuti zija ndinangoganiza, sindinatanthauze, ndipo ngati akufuna andimenye mbama ina paliponse pamene malaya amabisa, koma andibwezere ana anga. Ndinabwerera ku Kabwata n'kupeza nsapato zakale za ana zili pakhomo pomwe anazisiya, ndipo ndinalephera kuzidumpha. Ndinangokhala pansi pa khonde, kiyi ili m'manja.

Kumayambiriro kwa Januwale amalume a mkazi wanga anatumiza uthenga woti Lamlungu lachiwiri ndibwere ku Chelstone ndi amalume anga, ankhoswe a ukwati wathu, kuti akambirane za tsogolo la mwana wawo. Mukudziwa tanthauzo lake. Mnzanga wa mu ofesi uja, amene anandilozera ku Woodlands, anandipeza m'kachipinda ka mafayilo nditatsamira kabati, ndipo sanandifunse maganizo. Anandikweza m'galimoto yake n'kukandisiya pakhomo pa dokotala wa khungu.

Dokotalayo anali mayi wachikulire, wakuda ngati ine, wosaseka. Anaunika tsayalo ndi kanyali, n'kufunsa chimene ndinachita pa nkhope. Ndinati palibe. Anati chabwino, adikira. Ndinaulula zonse, kuyambira ku Woodlands mpaka ku phiri, ndipo pa chilichonse chimene ndinkatchula ankatsinzina pang'ono ngati munthu amene dzino likumuwawa.

"Bambo, khungu lathuli likapwetekedwa silikuwa, limada," anatero. "Ndiye inu mwakhala mukulipweteka tsiku ndi tsiku kuti lisiye kuda."

Anafotokoza kuti khungu lakuda likapsa, likakandidwa kapena likatupa, limathira mtundu wochuluka pamalo opwetekawo, dzuwa n'kumasonkhezera. Mankhwala osupula anasiya khungu langa lili pambalambanda. Chimene chinandigwira kumanda chinaliwotcha. Dzuwa, zikhadabo, mandimu ndi mwala zinamaliza ntchito. Za mafuta opanda dzina aja anati kawirikawiri amakhala ndi mankhwala amphamvu opyapyalitsa khungu, ndipo ndikanapitiriza ndikanada mtundu wina wovuta kwambiri kuchotsa. Anandiletsa zonse. Anandilembera mafuta odzola madzulo pamalo odawo, kwa nthawi yoyezedwa, ndizibwera kudzaonedwa, sopo wofatsa, chipewa chachikulu, ndi mafuta a dzuwa aja m'mawa uliwonse, n'kubwereza masana, kaya kuli mitambo kaya ndakhala pa windo la minibasi. Anatinso ndisiye kupala ndevu ndi lezala mpaka pakhungu, ndizingochepetsa ndi makina. Nditafunsa ngati dzanjalo lingachoke pofika Lamlungu lachiwiri, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti ndiziwerenga miyezi, mwina kupitirira chaka. Kenako anawonjezera kuti paudala wa ana sawotcha munthu chotero, ndikafufuze chimene chinali m'dzanja la mayi uja.

Mayi wa chimbuya uja ndinamupeza pa msika wa Chelstone akuwaza madzi pa masamba. Nditavula masiki anandiyang'ana, n'kuyang'ana dzanja lake, n'kukhala pa thumba la anyezi n'kuseka mpaka oyandikana naye anabwera ndi madzi akumwa. Atapeza mpweya anafotokoza kuti tsiku lija paudala anatha asanafike kwa ine, ndiye anatapa m'thumba la laimu amene amisiri ankayeretsera manda oyandikana nawo, poti zoyera n'zoyera. Za chala anandionetsa chipsera: anadzicheka ndi mpeni m'mawa wa tsikulo akudula kabichi wa pamaliro, anamangapo kansanza, ndipo pondidinda anakweza nsonga yake kuti laimu asalowe pabala. Ndinamupempha kuti abwere Lamlungu. Anati abwera, koma ndidziwe kuti kuyambira tsikulo ndine katundu wake, adzandinena pa maliro aliwonse mpaka pa anga omwe.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango anthu ataweruka ku tchalitchi: apongozi aakazi pa mphasa atavala zakuda, amalume a mkazi wanga pa mpando wa malemu, amalume anga atakhala patali nane ngati tinangokumana mu basi, mkazi wanga pambali pa amayi ake, ataonda, osandiyang'ana. Ana anawatumiza kwa aneba. Mayi wa chimbuya analowa pa geti osaodira, anadutsa pakati pa anthu, n'kuika dzanja lake pa tsaya langa, chala chapakati atachikweza nsonga. Linakwana ngati chivindikiro pa poto wake.

"Iyi ni kwanja yanga, imwe bakudya mbeba," anatero. "Mudala mumusiye agone."

Anafotokoza za laimu ndi za kabichi. Anthu anayamba kupumira m'mwamba, ine n'kuyamba kuona simbi ikubwerera kwathu. Koma amalume a mkazi wanga anatsokomola n'kunena kuti laimu yemweyo mayiyu anawapakanso iwo pachipumi, popeza anaima pafupi nane, ndipo anangomva kuyabwa tsiku limodzi basi. Nanga bwanji mkamwini yekha? Ndipo za ku Woodlands, ndi za kufundula, laimu akuzifotokoza bwanji?

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinaimirira, chipewa chili m'manja, ndinatulutsa m'thumba kabotolo ka mafuta a dzuwa n'kukaika pa mphasa, ndipo ndinanena zonse ndi mawu a munthu amene akulengeza maliro ake omwe pa wailesi: tiziphuphu, chithunzi, mpanda wautali, pepala limene ndinataya, sopo wosalakwa, ndi bodza limene ndinauza mkazi wanga.

"Ndiye kuti, bambo, munapita kukakonzetsa nkhope ngati mkwatibwi?" anafunsa apongozi aakazi.

"Inde, amayi."

Mayi wa chimbuya anagwa pansi ndi kuseka. Amalume anga anaphimba nkhope ndi mpango n'kunena kuti bola ukanakhala ufiti, chifukwa ufiti ku Katete amadziwa kuchotsa kwake. Ngakhale apongozi aakazi, amene anali asanaseke chiikire maliro, mapewa awo anayamba kugwedezeka pansi pa nsalu yakuda. Aliyense anaseka kupatula munthu mmodzi. Mkazi wanga anadikira mpaka phokoso litatha, n'kundiyang'ana m'maso koyamba chichokere kunyumba.

"Miyezi iwiri ndakhala ndikudzuka ndi maganizo oti bambo wa ana anga anapha atate anga," anatero. "Ndinalephera ngakhale kuwalira bwino. Inu zoona mukuzidziwa, koma munaona kuti manyazi anu ndi aakulu kuposa maliro anga."

Sanabwerere nane tsiku limenelo. Ana anabwera patatha masabata awiri chifukwa cha sukulu, iye anabwera patatha mwezi, ndipo simbi inatsala ku Chelstone mpaka Isitala, kuti ndidziwe kuti mlandu sunatsekedwe.

Dzanja linazimirira pang'onopang'ono monga ananenera dokotala, kuyambira chala chachikulu, ndipo chomaliza kuchoka chinali kachala kakafupi kaja, ndikulumbira. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti akufa samenya mbama. Apongozi anga analibemo, ngakhale ndikudziwa kuti akanakhalapo akanapempha mpando wakutsogolo. Chinandidinda ndi phuma langa, ndipo chinadetsa ndi bodza. Ndiye inu a khungu ngati langa, makamaka amuna amene mumalowa m'mageti akuda masana mukuyang'ana uku ndi uku, pitani kwa munthu wodziwa khungu lakuda, mumulole ayambe kuseri kwa khutu, ndipo musasankhe mankhwala amphamvu chifukwa wojambula ali pa changu. Pepala la malamulo mulisunge, dzuwa mulithawe ngakhale munabadwa nalo. Chinthu chikakuwotchani, sambani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, ngakhale Abemba onse a mu Lusaka akuzungulireni ndi nyimbo. Pakada, musakhule, musathire mandimu, musagule za m'botolo lopanda dzina. Pitani kwa dokotala, mupirire miyezi. Koposa zonse, uzani wa kunyumba musanapite, chifukwa simudziwa tsiku limene adzakuuzeni kuti muvule chipewa.

Mpaka lero mafuta a dzuwa amakhala pa tebulo la kuchipinda, osati mu dirowa, ndipo m'mawa uliwonse amandipaka ndi mkazi wanga. Tsaya lamanja amapaka mofatsa, ngati mphunzitsi wa ana aang'ono. Lamanzere amapaka ndi chikhatho chonse, mwamphamvu pang'ono kuposa mmene dokotala ananenera, ndipo ine ndimangoima phee. Sindipukuta.